Dzina langa pa kathabwa ku Japan

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ndipo sukulu ikuyenda ku Japan kumeneko. Kuno ku Nkhulambe tili moyo, nandolo wayamba maluwa.

Zithunzi zako zafika, koma zandiputira mavuto. Za ku Harajuku zija, za atsikana a tsitsi lobiriwira, ndinangozibisa. Chovuta ndi cha ku kachisi wa Chishinto, pomwe ukupachika kathabwa kolembedwa dzina langa kuti miyendo yanga ichire. Maso anga ndi ofooka, ndiye ndinapempha mayi Makawa, akazi a mkulu wa mpingo, kuti andiwerengere zimene unalemba kuseri. Atamaliza anangoti, "Kani n'chifukwa chake mwataya ndodo masiku ano?"

Lamlungu likubwerali andiitana ku bwalo la mpingo. Akuti ndikapanda kufotokoza bwino, andiimitsa kudya mgonero. Mankhwala a kuchipatala ndikumwa ndithu, koma andimva ndani?

Chonde bwerera komweko ukachotse kathabwako, undilembere msanga. Koma usakatenthe kapena kukathyola, ungokasunga bwino m'sutikesi. Ineyo sindikudziwa kuti chandichiritsa n'chiti.

Mulungu akusunge, mwana wanga.

Ndine mayi ako.