Mphatso Yosasunga Nthawi

12 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Dzulo abambo a mapampu aja abweza mabodi onse a zamagetsi oyendetsera mapampu amene tinawapangira. Anawaunjika patebulo la malemu Bambo, pambali pa mawailesi akufa, n'kunena kuti, "Chemwali, pampu ikungoyaka n'kuzima ngati ili ndi ntchofu. Alimi akundiseka." Mpando anaukana.

Kupatula zimenezo tili bwino. Mayi miyendo yasiya kutupa. Ndikhulupirira kuti inunso, alamu ndi ana mukudzuka bwino.

Poti munachoka makina athu asanathe, ndikukumbutseni mmene amagwirira ntchito. Filimu timaikulunga pa dilamu, dilamu n'kumazungulira, leza, kuwala kopyapyala kuja, n'kumayaka ndi kuzima kujambula mizere imene imadzasanduka tinjira ta kopa pabodi. Zonse zagona pa nthawi. Leza ikachedwa pang'ono chabe, dilamu siidikira. Yadutsa basi, mzere waduka.

Kachipu kakale, kachipangizo ka magetsi kamene kankayendetsa leza, kaja munkakaseka kuti Mlonda, n'kopusa ndithu. Kamadziwa chinthu chimodzi, kuwerenga mmene dilamu yazungulirira, koma sikacheuka. Kakompyuta kamene munatumiza n'kanzeru kwambiri, ndipo vuto lake ndi lomwelo: kali ndi zochita zambiri. Kali pakati pa mzere kamakumbukira zina, kamapita kukasuzumira pa intaneti, kukakonza za m'kati mwake, kenako n'kubwerera kwa leza ngati sikanachoke. Kamathamanga, koma sikasunga nthawi. Awa si maganizo anga. Zalembedwa ndi amene anakapanga, ndipo tsamba lake ndinakutumizirani phukusi lisananyamuke. Munandiyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Phukusi litafika ndinafuna kukasunga kaye m'kabati. Mayi anandipeza ndikutseka chitseko.

"Iwe, mphatso ya mkulu wako ukuibisa ngati mbale yosweka? Akamva ati chiyani? Kapena ndi nsanje?"

Ndinayesa kuwafotokozera za dilamu. Anati iwo za madilamu sazidziwa, chimene akudziwa n'chakuti mphatso siikanidwa. Anaima pakhomo la chipinda chamdima chotsukira mafilimu, manja m'chiuno, mpaka Mlonda ndinamuchotsa. Madzulo ake anaitana anzawo kudzaona zimene mwana wawo woyamba watumiza.

Mafilimu oyesera anatuluka bwino, chifukwa vutoli silibwera nthawi zonse, limangogwa pamene lafunira. Lero ndayang'ana mabodi obwezedwawo ndi galasi lokulitsa. Tinjira tina taduka, mpata wake wochepa kuposa tsitsi. Ndinawaonetsa Mayi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti unalumikiza molakwika. Mkulu wako sangatumize chinthu chovunda."

Sananame. Si chovunda. Changobwera pamalo posayenera, kuchokera kwa munthu amene sanafunse.

Sindikudandaula, Achimwene, ndikungonena mmene zilili. Inu mukatumiza katundu Mayi amavina. Amene amapuma fungo la asidi ndine, ndipo zikalakwika dzina limene limatchulidwa ndi langa. Abambo a mapampu ndi okhawo amene amatipatsa ntchito ya mabodi. Akatisiya, shopu ya Bambo itsala ndi mawailesi, ndipo mukudziwa kuti masiku ano palibe amene amakonzetsa wailesi.

Abambowo ndawachonderera, avomera kubweranso Loweruka kudzaona filimu yatsopano asanaganize zopita kwina. Choncho Mlonda ndamubwezera, ndamubisa kunsi kwa dilamu. Kakompyuta kanu ndakasiya pamwamba, kanyale kake kobiriwira kakuphethira bwinobwino, koma waya wake supita kulikonse. Mayi amakapukuta fumbi m'mawa uliwonse. Mkazi wamkulu ngati ine, ndikunamiza mayi anga m'shopu ya bambo anga kuti mizere iwongoke.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, chikompyuta chachikulu chija munati mutumiza, chothamanga kuposa ichi, chonde musatumize. Chachiwiri, muwauze Mayi nokha kuti kakompyutako si ka ntchito imeneyi. Zikachokera pakamwa panga ndi nsanje, zikachokera kwa inu adzamva.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mayi akupereka moni wambiri, ati ndikuuzeni kuti mphatso yanu yatitukula. Ndalemba monga anenera.

Lamlungu mukaimba foni adzakufunsani ngati mwasangalala kuti tikuigwiritsa ntchito. Ine ndidzakhala pambali pawo, ndikumvetsera.

Ine mlongo wanu,
Wa kushopu