Mapazi a Bambo Atupanso

Malomo, Ntchisi
14 Julayi 2024

Okondedwa achimwene Benjamini,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni komweko. Kuno kukuzizira zedi, koma chimanga tinakolola bwino. Ndasankha kalata chifukwa pa foni sindikanatha kuifotokoza bwino nkhaniyi.

Paja mu Epulo bambo anawapeza ndi BP komanso vuto la mtima. Anawapatsa amulodipini, kapilitsi kamodzi m'mawa uliwonse, akuti kamamasula mitsempha kuti mtima usamavutike popopa magazi. Pachifuwa panasiyadi kuwathina, koma patatha masabata atatu mapazi anatupa ngati mabanzi.

Azakhali aNaphiri atangowaona anati, "Ili ndi tsempho ili. Amathira mchere m'ndiwo ndani pakhomo pano?" Achimwene, wophika ndine, ndipo amuna anga a Bonifasi atha miyezi isanu ku esiteti ku Bowe. Ankatanthauza kuti ndili ndi mwamuna wina. Anawonjeza kuti, "Ngati ulibe mlandu, aphwa okha." Kumjigo azimayi anasiya kundipatsa moni. Zinandiwawa.

Ine ndinali nditaona kuti kutupako kunayamba ndi mankhwala. Ndiye ndinawabisa m'chitini cha nyemba, n'kunamiza bambo kuti kuchipatala atha. Mapazi anaphwa, anthu anayambanso kundipatsa moni, ine n'kumasangalala. Kupusa kwanga!

Lachiwiri lapitalo bambo anagwa kudimba atagwira pachifuwa. Tinathamanga nawo kuchipatala pa njinga yamoto. Adokotala atafunsa ngati akumwa mankhwala, ndinaulula zonse, bambo akumva. Anati kutupa mapazi kumachitika kwa ambiri pa mankhwala amenewa, tikanangobwera kudzawauza. Choopsa n'kusiya kumwa. Anawachepetsera mphamvu ya mankhwalawo, koma anati mwina mapazi azitupabe pang'ono.

Titafika kunyumba bambo anaitanitsa azakhali, nati, "Mlongo wanga, mapaziwa atupanso, ndipo ndi mankhwala. Amene ali ndi mawu abwere kwa ine. Mwana wanga mumusiye." Ndinalirira kuseri kwa khitchini. Ndikanawapha ine bambo chifukwa choopa milomo ya anthu. Mundikhululukire, achimwene.

Pano akumwa m'mawa uliwonse ine ndikuona. Azakhali sanapondenso pakhomo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Bambo akuti moni, ndipo nsapato za kutchalitchi munawalonjeza zija musagulenso sayizi eyiti. Akuti mugule teni.

Ndine mlongo wanu,
Luckness