Kiyibodi yatsopano, kabiti kakale

Lachisanu, Kawale. Tsiku lonyoza maphunziro anga.

Ine, mwini digiri ya zoimbaimba, ndikupereka dandaulo kwa onse okhudzidwa. Ndinatha miyezi ndikusankha kiyibodi iyi, ndinawonjezera memori, ndinalowetsamo mawu a mavayolini a pa fulashi. M'mawa ku pulakatisi ya kwaya ndangogunda kamodzi, Mayi Nachisale, atcheya athu, akuti: "Achimwene, mawa ndi ukwati, si maliro. Tiikireni kabiti ka m'kiyibodi yakale kaja, tivine."

Kabitiko mulibe m'kiyibodi yatsopanoyi! Akuti kakapanda kupezeka aitana Yohane wa ku Biwi, woimba ndi zala ziwiri uja.

Ndatha masana onse ndikukapanga ndekha, ng'oma imodziimodzi. Mwatsoka, kakoma.

Chipepeso chake: kwaya yonse ikhale pansi, imvetsere mavayolini anga mpaka kumapeto, popanda wogwedeza ngakhale phewa.