Lachisanu ndikweze dzanja kuti mlamu wanga achotsedwe?

Aphungu,

Ndine telala, mayi wa ana atatu, ndipo nzeru zandithera.

Zaka zinayi zapitazo fakitale yosoka mayunifolomu yomwe tinkagwirako ntchito idatsekedwa. Tidangopeza loko pageti. Atelala khumi ndi awiri tidachita lendi chipinda kuseri kwa msika, aliyense n'kubweretsa makina ake a kunyumba. Amene adatisonkhanitsa ndi bambo wina yemwe ankadula nsalu ku fakitaleko. Timawatcha Achipewa chifukwa chipewa savula, ngakhale pamaliro. Ndi munthu wowerenga, ndipo adatiphunzitsa za chikomyunizimu: pasakhale bwana, pasakhale "changa", zonse zikhale za tonse. Tsiku loyamba tidatenga mpeni n'kupala mayina athu pamakina, uku tikuimba. Ine ndi amene ndidapala dzina la mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, pamakina omwe adamusiyira malemu mayi ake. Adaseka nafe, koma maso adali ofiira.

Sindikunamizani, zidatikomera. Nditachitidwa opaleshoni ndidagona miyezi itatu osaponda makina, koma ana anga sadagone ndi njala. Mayi wina wamasiye maso adayamba kumuvuta. Ku fakitale akadamuchotsa tsiku lomwelo, koma ife tidamupatsa ntchito yosoka mabatani, n'kumalandira chimodzimodzi ndi tonsefe.

Kenaka zinthu zidayamba kupindika. Tidagwirizana kuti kiyi wa chipinda azizungulira mwezi ndi mwezi. Adazungulira kawiri, n'kukakamira m'thumba mwa Achipewa. Ena atayamba ulesi, poti wosoka madiresi khumi ndi wosoka awiri ankalandira zofanana, Achipewa adayambitsa msonkhano wa Lachisanu. Aliyense amaimirira, kunena cholakwa chake, kenaka cha mnzake. Ukakhala chete ndiye kuti ukubisa mdani wa gulu. Pochotsa munthu timakweza manja, iwo ataima kutsogolo akuwerenga nkhope. Atatu adachotsedwa kale, makina awo n'kutsala, poti alibe dzina. Katatu konseko dzanja langa lidakwera.

Mwezi watha tikuchapa kunyumba, mlamu adandinong'oneza kuti: "Alamu, bwana wa ku fakitale ankatidyera thukuta lokha. Awa akufuna ndi pakamwa pomwe. Ine ndikufuna makina a amayi, ndikasokere kunyumba diresi la ukwati la mwana wanga." Lachisanu litafika, nthawi yanga yonena za mnzanga idakwana ndilibe chonena, Achipewa atanditong'olera maso. Ndidaopa. Ndidakhuthula mawu onse a mlamu, osasiyako n'limodzi lomwe.

Lachisanu likubwerali tikweza manja kuti achotsedwe. Achipewa adandiimitsa pakhomo, amvekere: "Mnzanga, mwaonetsa kuti gulu limaposa chibale. Dzanja lanu likhale loyamba." Mlamu sakundilankhula. Amakhala mzere wa kutsogolo kwanga, tsiku lonse ndimangoona msana wake. Amuna anga amadya atayang'ana kukhoma. Ndikakana, wotsatira ndine, nanga ana anga adya chiyani? Chondiwawa kwambiri n'chakuti zomwe tidayamba zija ndimazikondabe. Kodi zidalakwika pati, kapena zidali zovunda chiyambire? Ndathedwa, Aphungu.

T. N., kuseri kwa msika

Mayi T. N.,

Sindipita m'mbali: mudalakwa, ndipo mukudziwa. Madzi akatayika sawoleka. Tikambe za omwe atsala m'chidebe.

Kugawana si tchimo. Mayi wa mabatani uja ndi umboni, ana anu omwe adadya inu muli gone ndi umboni winanso. Musalole wina akuuzeni kuti mudali opusa pofuna dziko lopanda bwana. Koma mukandifunsa pomwe zidalakwika, ndikuti ndi tsiku la mpeni lija. Munthu wopanda kanthu kotchedwa kake alibe poimira akafuna kunena kuti ayi. Zonse zikakhala za tonse pamafunika wosunga kiyi, ndipo wosunga kiyi amasanduka mwini zonse, ngakhale azikutchulani "mnzanga" m'mawa ndi madzulo. Mayiko ambiri omwe adayesa njira imeneyi adakathera pomwe mwafika inupa: mawu a munthu mmodzi, pakamwa potseka, m'bale kuneneza m'bale wake. Kusiyana kwake, kumeneko wochotsedwa sankangotaya makina, ankataya ndi moyo womwe.

Lachisanu lisanafike pitani kunyumba kwa mlamu wanu, inu ndi amuna anu. Musakayambe ndi "ndidaopa". Kanenani kuti, "Alamu, ndidakupachikani." Akakutsekerani chitseko, kapiteninso mawa lake.

Kenaka pendekani makina awowo muone pachitsulo. Makina osokera amakhala ndi nambala yodinda yomwe mpeni sungapale. Ilembeni. Funsani ngati pakati pa mapepala a malemu apongozi anu pali risiti, ndipo pezani achibale omwe adawaona makinawo ali m'nyumba. Funaninso anzanu atatu adachotsedwa aja, nonse mupite kwa odziwa malamulo omwe amathandiza mwaulere. Kupala dzina si kugulitsa katundu.

Pamsonkhanopo pemphani zinthu ziwiri basi: kiyi azungulire monga mudapanganira, ndipo chisankho chikhale cholemba patimapepala, popanda wowerenga nkhope. Mukafuna kunong'oneza anzanu tsikulo lisanafike, sankhani bwino khutu. Inu mukudziwa kuposa ine momwe mawu a pochapa amafikira kwa Achipewa.

Sindikulonjezani kuti mupambana. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo bamboyo wakhala pa mkhate womwe nonse mumamwera. Mutha kutuluka m'chipindamo opanda ntchito, n'kuyambanso kusoka zigamba pakhonde. Mlamu wanu atha osakukhululukirani mpaka ukwati wa mwana wake kudutsa. Gulu lomwe mukulilira lija lidafa kale, tsiku lomwe kiyi adasiya kuyenda, ndipo zimenezi zikundimvetsa chisoni inenso.

Koma chenjerani, musadzinamize kuti kukweza dzanja kukupulumutsani. Msonkhano wotere umafuna dzina sabata iliyonse. Mudali khumi ndi awiri, mwatsala asanu ndi anayi, Loweruka mudzuka muli asanu ndi atatu, ndipo onsewo aona kuti mawu a m'bale wanu simusunga. Adzakuikirani kumbuyo ndani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lachisanu dzanja lanu likhale pamwendo. Lidapala kale dzina la mlamu wanu kamodzi. Lisapalenso kachiwiri.

Aphungu