PHP yakale ya achimwene

Lachitatu, kuno ku Mzimba. Kwazizira tsiku lonse, mtima nawo uli zii.

M'mawa ndinaika PHP yatsopano, pulogalamu yoyendetsa mawebusaiti, pa seva, kompyuta yomwe ndimasungirapo mawebusaiti a anthu, chifukwa webusaiti ya sukulu ina siyenda pa yakale. Ndinaiwala kuti pa seva pomwepo palinso webusaiti ya ocheka matabwa a ku Luwawa, imene malemu achimwene analemba pa PHP yakale. Ya matabwayo inangoyera mbee.

Masana bwana wa matabwa anaimba. "Ada, makasitomala sakuona kanthu. Akulu anu akanakhalapo, izi sizikanachitika." Ndinangoti pepani chomene.

Ndabwezeretsa yakale pambali pa yatsopano, webusaiti iliyonse ikuyendera yake. Koma PHP yakaleyo eni ake anasiya kuikonza, moti akuba a pa intaneti akhoza kulowa tsiku lililonse. Ndiyenera kulembanso webusaiti yonse ya matabwayo, ndifufute ntchito ya achimwene.

Ndinatsegula fayilo yoyamba kuti ndiyambepo. Pamwamba penipeni achimwene anasiya mawu a Chitumbuka, omwe ankandikalipira nawo ndikamagwiragwira kompyuta yawo: "Apa kukhwaska yayi." Apa osakhudza.

Ndatseka laputopu osafufuta ngakhale mzere umodzi. Mwina mawa, kaya...