Kaseti mu Mtedza wa Mbewu

Lamulungu, 5 Seputembala 1999

Wonena ndine Ebelesi, Nabanda. Wolemba ndi mwana wanga Lonia, pakuti ine sukulu ndinalekeza Sabu B. Ndamuuza alembe monga ndikunenera, asakonze. Izi si za anthu. Kuchitsime sindingazinene, ndipo mutu wadzaza.

Filimoni, mwana wanga wamwamuna mmodzi yekhayo, wadya phala pang'ono. Chifuwa chomwe chija. Kutchalitchi amayi andifunsa, ndati malungo. Ayang'anizana. Asiyeni. Mkazi wake Felicia atamwalira ku Kitwe chaka chatha anayang'anizananso chomwecho.

Mwana ameneyu ndiye anabweretsa vidiyo yoyamba kuno kwa Zingalume. Pamenepo ulembe bwino, Lonia. Inabwera pa ngolo, yofundikidwa bulangete, jenereta pambali. Anthu a kwa Zemba ankayenda wapansi kudzaona m'chisakasa chake. Mwana wa ine, mayi wosadziwa kulemba dzina.

Makaseti ali nawo ambiri, koma apamtima pake ndi atatu. A nkhondo ya kumwamba. Anthu kuuluka pakati pa nyenyezi, kumenyana ndi malupanga oyaka ngati zikuni. Mulinso woipa wina wobisa nkhope. Anaziona koyamba ali mnyamata, ansembe ataonetsa pa nsalu yoyera ku parishi. Anabwerako ndi phesi m'manja, mwezi wathunthu akumenya nalo nkhuku zanga.

Tsopano wamva pa wailesi kuti azungu apanga ina. Osati yopitiriza. Yobwerera m'mbuyo, pamene woipa uja anali kamwana. Ndinaseka. Nkhani yanji yoyambira kumanda n'kukathera m'chikuta? Iye anati, “Amayi, munthu sabadwa wobisa nkhope. Ndikufuna ndione pamene zinakhotera.”

Watuma mnzake Zebron, uja amakapikula mchere ndi sopo ku Chipata pa njinga. Pomutsanzika anati, “Ndikangoiona imeneyo, basi, ndipume.”

Ndinamva ndili pakhonde. Mawu amenewo sindinawakonde.

Lachisanu, 10 Seputembala

Zebron wabwerako chimanjamanja. Akuti kaseti idakali ku Lusaka, mwina sabata yamawa.

Filimoni wapsa mtima. Koma taonani, ndi mkwiyo womwewo wadya mbatata ziwiri ndi tiyi. Watuluka yekha, wakhala pampando pansi pa mango. Wamasula vidiyo, kupukuta m'kati ndi thonje ndi sipiriti. Manja akudziwa pogwira. Akuti makina akhale oyera, mlendo akubwera.

Ana a m'mudzi amva kale. Mapesi onse a m'khola atha, aliyense ndi lupanga lake, pakamwa vuu, vuu. Iye kuwaongolera kagwiridwe ali pampando. Kuseka mpaka kutsokomola.

Mtengo wa petulo wa jenereta wakwera. Ndigulitsa tambala.

Ndaona chinthu lero. Munthu akamadikira, amadya.

Loweruka, 18 Seputembala

Lonia anakana kulemba za lero. Ndamukumbutsa amene anamubereka. Akulemba, koma nkhope yagwa.

Kaseti yabwera. Zebron ndinakumana naye panjira ya kudimba, Filimoni ali m'tulo. Anali thukuta lokhalokha, akumwetulira, kaseti m'pepala la pulasitiki pachifuwa. Ndinati andipatse. Ndinati akafunsidwa anene kuti sinapezeke. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, “Amama, mukundisenzetsa tchimo.” Ndinati tchimolo ndi langa, iye angosenza sopo wake.

Ndaiika m'thumba la mtedza wa mbewu, m'nkhokwe. Mmenemo salowamo munthu mpaka mvula.

Chifukwa chake nachi, chilembedwe. Bambo awo a ana awa anadwala chaka chathunthu ali chigonere. Ankangoti aone ukwati wa Lonia. Ukwati unachitika Loweruka, Lachiwiri tinali kumanda. Ndinaona ndi maso anga. Chimene munthu akudikira ndicho chingwe chomumanga pansi pano. Ine ndidule ndekha chingwe cha mwana wanga? Ayi.

Lonia akuti ndikuba. Mwina. Mayi ake ndine.

Loweruka, 25 Seputembala

Ali moyo. Wadya usipa dzulo, lero dzira.

M'mawa uliwonse funso ndi limodzi: Zebron wapita? Zebron amabwera, kukhala pakhomo, maso pansi, n'kunena kuti ku Chipata kulibe. Kunama sadziwa mnyamata ameneyu. Amakanda khosi.

A Stefano, akatekisiti athu, anabwera Lachinayi. Akuti tiitane ansembe adzamudzoze mafuta a odwala. Ndawabweza mwaulemu. Mafuta amenewo ndikuwadziwa kumene amaperekeza. Ndati mwana ali ndi malungo, akudikira filimu yake. Anatenga chipewa chawo, n'kupita.

Masana Filimoni amafotokozera Lonia makaseti atatu akale aja, mutu ndi mutu, ngati katekisimu. Mpweya ukumuvuta, ukulira pakhosi. Anati, “Mwamva, Amayi? Ndayamba kupuma ngati woipa uja. Chatsala n'chipewa.” Lonia anaseka, kenaka anathawira kuseri kwa nyumba.

Ndikadutsa pa nkhokwe ndimayang'ana kumbali.

Lachisanu, 1 Okutobala

Maso.

Lachitatu Filimoni ndinamupatsa kapu, dzanja linapita pambali. Ndinati ndi tulo. Dzulo dzuwa lili pamutu anandifunsa chifukwa chake ndatseka chitseko. Chitseko chinali chotsegula.

Tamunyamula pa ngolo kupita kuchipatala chaching'ono. Adokotala anawalitsa tochi m'maso, Filimoni sanaphethire. Anandiitanira panja. Akuti matendawa akafika m'maso sabwerera. Sanatchule dzina la matenda. Inenso sindinafunse. Tonse tikulidziwa.

Pobwera, Zebron anali pakhomo. Filimoni anamuzindikira ndi belu la njinga. Anati, “Usavutikenso nayo, mnzanga. Ndiionera chiyani?”

Phala sanalikhudze.

Sakudikiranso kanthu, ndipo kaseti ili apo, m'mtedza. Maso anali nawo tsiku limene inabwera. Anali nawo sabata yonse yotsatira. Lonia, usandiyang'ane choncho. Lemba.

Lamulungu, 3 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Ndakwera m'nkhokwe ndekha, ndi mawondo angawa.

Kaseti ndinaiika m'manja mwa Filimoni. Ndinanena zonse, tsiku lake, njira ya kudimba, za bambo ake. Sindinachepetse. Zebron ndinamuchotsa pamlandu.

Anaipapasa mbali zonse. Anaitulutsa m'chikuto, kuinunkhiza. Anati, “Ikununkha mtedza. Munkafuna muibzale, Amayi?”

Basi. Anatembenukira kukhoma, kaseti pachifuwa. Bwenzi atandikalipira. Bwenzi atanditukwana pamaso pa anthu, ndikanapepukidwa.

Madzulo anaitana Lonia. Akuti Zebron abweretse jenereta Lachiwiri.

Tambala wapita.

Lachitatu, 6 Okutobala

Dzulo sindikanatha kunena. Ndinena lero, pang'onopang'ono.

Zebron anabweretsa zonse pa wilibala. Jenereta kuseri kwa nyumba, masaka pa mawindo. Filimoni tinamukhazika pamphasa, msana wake pachifuwa panga, monga ndinkamukhazikira ali wakhanda. Wapepuka ngati mtolo wa udzu. Ana anadzaza pakhomo, maso m'ming'alu ya chitseko. Sitinawathamangitse.

Zebron anati azimasulira, popeza Chingerezi amachimvako. Filimoni anakana. Anati, “Anene Amayi. Ndiwo anaisunga.”

Ine Chingerezi ndimadziwa gudumoningi basi.

Kaseti yake yosaoneka bwino. Pansi pake mitu ya anthu, yakuda ngati mithunzi, wina kudzuka, wina kutsokomola. Zebron akuti anaijambula mobisa m'nyumba yoonetsera mafilimu kutali uko. Poyamba ndinangonena zimene ndikuona. Zitsulo zikuuluka. Amuna ovala mikanjo ngati ansembe. Zinyama zolankhula zosadziwika mtundu. Anthu ambiri kukhala pabwalo, kukamba, kukamba, osatha. Ndinati apa akuweruza mlandu wa munda. Filimoni anaseka, ndinamva nthiti zake m'manja mwanga.

Kenaka dziko la mchenga, lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Ndipo kamnyamata. Tsitsi losapesa, manja akuda ndi girisi, kakukonza zitsulo zotayidwa. Kali ndi mayi ake, awiriwiri, m'nyumba yadothi. Filimoni anandifinya dzanja, anati ndi ameneyo.

Ndinayang'ana kamwanako. Ameneyu ndiye adzabise nkhope, adzaphe anthu? Kakuseka, sikakudziwa. Ife tonse m'nyumbamo tikudziwa, iko ayi.

Sindikudziwa pamene pakamwa panga panakhotera. Ndinangozindikira ndikunena kuti kamwana aka kanabadwa chaka cha ufulu, nthawi yokumba mtedza, mayi ake ali kumunda. Kuti kanamasula wailesi ya bambo ake kali ndi zaka khumi, kanakwapulidwa, m'mawa mwake wailesi ikulankhula. Pamene kamwana ka m'filimu kanakwera chigaleta chake chouluka pa mpikisano, ine ndinafuula kuti thamanga Filimoni, akukupeza! Ana pakhomo nawonso, Filimoni, Filimoni! Zebron anafuna kundikonza. Mwini wake anati, “Asiye. Akunena bwino.”

Ndiye panafika pamene alendo a mikanjo aja akumutenga mwanayo. Kathumba kumsana. Mayi ake pakhomo.

Jenereta yokha kulira.

Anandifunsa kuti mayiyo akutani. Ndinati angoima. Anafunsanso ngati sakumugwira, sakumubisa. Ndinayang'anitsitsa, mwina amugwira. Ndinati ayi, amukonza kolala, amulola apite.

Anati, “Eya.”

Zotsalazo sindinazione bwino. Kunali malupanga, kunali phokoso. Iye anagona filimu isanathe, mutu paphewa langa.

Jenereta itazima ndinatuma Lonia kwa a Stefano. Ansembe abwera mawa pa njinga yamoto. Ndinamuuzanso Lonia kuti akafunsidwa panjira asanene malungo.

Lachiwiri, 2 Novembala

Tsiku lokumbukira akufa. Tapita kumanda ndi makasu, talambula. Dothi lake likadali lofiira.

Anapita Loweruka lija, pa 9 Okutobala, m'mawa, atadzozedwa. Lonia anabisa kope, akuti ndinali wosayenera kulankhula. Lero ndalilamula.

Pamaliro a Stefano anawerenga mbiri yake. Bokosi lili apo, iwo n'kuyamba kuti malemuyu anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa mwakuti, anayamba sukulu. Ndinakumbukira mmene ndinasekera azungu aja. Kani ifenso timatero. Chiyambi timachinena titaona mathero.

Anthu anabwera ambiri. A kwa Zemba, a ku Pembamoyo, ena pa njinga kuchokera ku Boma. Ulembe zimenezo. Sanabwerere ine. Anabwerera mwana amene anawaonetsa nyenyezi masana.

Chisakasa akuyendetsa Zebron. Kaseti ija akuionetsa Loweruka lililonse. Anyamata akuluakulu akuinyoza, akuti siikufika pa zitatu zakale, kukamba kwachuluka. Koma ana aang'ono ndiyo yawo. Kumsika kwafika masikipa a salaula, zovala zakale zochokera kunja, a nkhope ya kamwana kaja, amayi akulimbirana. Zebron wayesa kuwauza anawo dzina lenileni la m'filimu. Sakulifuna. Akuti anamva okha pachitseko, agogo akunena.

Akutinso kudzabwera zina ziwiri, mmene mwanayo adzakulire n'kuipa. Ndamuuza kuti zimenezo akaonetsere kwina. Kuno kamwanako kakhale pomwe kali.

Mitambo yayamba kusonkhana chakum'mawa. Mtedza wa mbewu ukufunika kusenda. Thumba lija sindinalitsegule chitsegulire. Lonia akuti asenda yekha. Ndakana. Ndinaikamo ndine, nditsegula ndine. Mwina mawa.

Masabata awiri aja ndimawawerenga usiku ndi usana. Kaya ndinamuonjezera masiku, kaya ndinangomulanda maso ake otsiriza. A Stefano akuti ndisiyire Mulungu. Ndamusiyira, koma amandibwezera m'mawa uliwonse.

Panopa ana ali pabwalo ndi mapesi awo. Amanga chigaleta cha mawaya ndi zitini, akukangana wokwera. Aliyense akuti ndi iyeyo. Wina wakhala dala pakhomo la khola, wafunda chitenje, akuti ndiye mayi. Tamvera, Lonia. Akuitana.

“Filimoni! Filimoni, bwerera, amako akukufuna!”

Taima kaye. Usalembe. Ndikaone amene wayankha