Mapilitsi a Amayi ndi Dzina Langa

Achimwene a Yosefe,

Kuno ku Bembeke tili bwino, kaya inu ku Joniko. Landirani dandaulo langa mwaulemu wonse.

Mapilitsi a matenda oiwalaiwala munatumizira amayi aja, adokotala akuti sachiza. Amangoteteza timadzi tonyamula mauthenga muubongo kuti tisamawonongeke msanga. Akawatsegula m'mimba mapilitsi anuwo, wochapa ndine. Ndiye Lamulungu pochokera ku Misa, amayi anakumbukira dzina limodzi. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Zikomo Yosefe, mwana wondisamala." Ine Agnesi, ndi digiri yanga yonseyi!

Sindikukhululukirani. Chipukutamisozi n'chakuti mubwere, muvale chitenje changa ndi duku, muziwaphikira phala mpaka akutchuleni Agnesi. Fulumirani lanulonso lisanawathawe.

Ambuye akusungeni kuti mudzalipe.

Mlongo wanu woiwalidwa,
Agnesi